Kasinja wa Patebulo Langa

Kuno ku Gyumri chisanu chikalowa
anthu amaiwala kubweretsa mawotchi awo akufa.
Ine n'kutsala ndi tebulo, nyale,
ndi manja osowa chogwira.

Ndiye ndinagula bokosi.
Pachikuto, kasinja akuswa mpanda, utsi uli tolotolo.
M'kati, tizidutswa mazana anayi ta pulasitiki wotuwa,
tolumikizana ngati minga ya nsomba,
ndi pepala la malangizo losalankhula chinenero cha munthu:
mivi, manambala, mivi yokhayokha.

Shushanik anasuzumira kamodzi.
"Pa zidole zonse za m'sitolo muja," anatero,
n'kubwerera kukhitchini.
Mbale zinalira kuposa masiku onse.

Ndinayamba ndi mawilo.
Kenako unyolo, mfundo iliyonse payokha,
makumi asanu ndi anayi mbali ino, inayo chimodzimodzi,
kadontho ka guluu kunsonga ya singano.
Milungu iwiri. Msana unandikumbutsa zaka zanga.
Fungo la guluu linalowa m'buledi,
m'malaya, mpaka m'tulo.

Kachogwirira kena, kochepa ngati chowenga cha chikhadabo,
kanathawa m'chopanira changa.
Ndinagwada pakapeti ola lathunthu,
munthu wa imvi, tochi kukamwa,
kusaka chinthu choti nyerere ikhoza kusenza.
Kapeti anakameza basi.
Ndinapinda kawaya ka wotchi yakale, kanalowa m'malo.

Pepala likuti penti wobiriwira.
Koma pepala silinapiteko.
Vahram, mng'ono wanga, analemba kuti wawo anali wa mtundu wa fumbi,
kuti chitsulo chimawotcha dzanja masana, usiku n'kumaluma,
kuti m'katimo munthu samva ngakhale dzina lake.
Ndinaba dothi mumphika wa maluwa wa Shushanik,
kulisefa pasokosi yong'ambika, kulimata m'mawilo.
Dzimbiri ndinalilemba ndi kaburashi ka tiubweya titatu.
Sindinkadziwa kuti pamafunika khama lotere
kuti chinthu chatsopano chioneke ngati chinavutikapo.

Hrachik, mwana wa m'nyumba yapansi, amabwera akaweruka kusukulu.
Mzingawu umafika pati? Ungagwetse nyumba yathu?
Bwanji ulibe mawindo?
Ndimamuuza kuti m'litali mwa kasinja weniweni
ungandandalike anga makumi atatu mphambu asanu.
Amawerenga pazala, zala n'kumuthera.
Pa muyeso umenewu Vahram
akanatalika ngati chala changa chaching'ono.
Izi sindimuuza.

M'bokosi munalinso asilikali atatu,
nkhope zosalala, maso opanda mboni.
Mmodzi ndinamupenta kuyambira kunsapato,
nditafika pachibwano dzanja linakana.
Ali m'kabati onse,
pamodzi ndi mawotchi amene eni ake sanabwerenso kudzatenga.

Gawo lomaliza, nambala makumi anayi mphambu imodzi:
mata chivundikiro cha pamwamba.
Muvi ukuloza pansi, ulibe chikaiko.

Anatiuza kuti chawo chinakana kutseguka.
Anatiuzira pakhomo, zipewa zili m'manja,
amayi ufa ukadali m'zala.
Papita zaka makumi atatu
koma ndikukumbukira kuti mmodzi anapukuta nsapato
ngakhale sanalowe.

Botolo la guluu ndinalitseka.
Usiku wonse, galasi lili padiso,
ndinapanga kahinji ndi zitsulo za wotchi ya m'thumba:
kapini kamodzi, kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi,
kadontho ka mafuta.
Ukauzira m'mphepete mwake, chivundikiro chimadzuka chokha.
Sipafunika phewa, sipafunika kukuwa.

Mamawa ndinapeza Shushanik ataima patebulo,
shawelo pamapewa, tiyi akuzizira m'manja.
Anatseka chivundikiro ndi chikhadabo.
Anawerama, n'kuuzira.
Anatsekanso. Anauziranso.
Kunja basi yoyamba inali kulimbana ndi chipale pamtunda.

"Kumbuyoku kwayera kwambiri," anatero,
n'kupita kukatenga mphika wa maluwa.