Ine Ndinali Wapansi

Damiyano ankaima pamwamba pa chipika,
ine m'dzenje.
Iye akakoka sowo, ine ndibweze,
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
utuchi ukundiwaza m'maso ngati mawawa.
Ndiye musandifunse kuti nkhalango inatha liti.
Wapansi sayang'ana kumwamba.
Ndinangozindikira tsiku lina kuti m'dzenje mwayamba kutentha,
dzuwa likundipeza pomwe silinkafika.

Mlombwa umakha magazi, mudziwe.
Ukautema umatulutsa utomoni wofiira
womata m'zikhadabo mpaka Loweruka.
Damiyano ankaseka, amvekere tapha ng'ombe yopanda nyama.
Tinkaviika chingwe m'makala a batire,
n'kuchikoka, thapu! pachipika,
ndipo sowo ankatsata mzerewo osafunsa.
Nafenso chimodzimodzi.

Lole inkabwera usiku, nyali zozima.
Thabwa limodzi, mchere ndi palafini.
Mbawa za m'mbali mwa Lifuliza tinkaziwerenga ndi zala,
kenako tinaziwerenga m'thumba.
Zitatha tinakwera mtunda.
Otentha makala anatilonda m'mbuyo
monga nkhuku zilonda wopeta,
kutola mombo, mtondo, ngakhale msuku uli ndi ana.

Anayamba kuona ndi Nachanza, mkazi wanga.
Januwale wina anabwera dengu lili pululu,
akuti utale wasamuka, manyame sakuoneka,
bowa amatsata mthunzi wa mombo
ndipo mthunziwo munaukweza pa lole.
Ndinamuyankha kuti ndiwo tigula.

Kasupe amene tinkaziziritsamo chigubu cha thobwa
anayamba kuchedwa kudzuka.
Chaka chinacho tinapezamo zikamba za nkhanu basi.

Kenako mtsinje.
Unabwera usiku umodzi wokha,
wofiira ngati utomoni uja,
utasenza mtunda wonse pamutu.
Kutacha, munda wanga wa mpunga unali bwalo la mchenga,
masamba a faya akusuzumira apo ndi apo
ngati tsitsi la munthu wokwiriridwa mothamanga.
Pofika Okutobala, mtsinje womwewo
amayi akuufukula ndi mbale kufuna madzi a phala.
Msodzi wina wa ku Chia anandiuza pa sitolo
kuti nkhafi ikukhudza matope pomwe kale sinkapeza pansi.
Sindinamuuze kuti matopewo ndikuwadziwa kwawo.

Damiyano anatisiya chaka chatha.
Tinazungulira Mwansambo yonse kufuna matabwa a bokosi.
Munthu amene anacheka mlombwa wokwana matchalitchi atatu
tinamugoneka m'paini wa pamsika,
wokhoma ndi misomali yochita kuwongola.

Ndipo kumanda,
kumanda kokha n'kumene ndinaupezanso mthunzi uja,
fungo la masamba owola, kuzizira kolowa m'malaya,
njiwa zikuyankhizana ngati palibe chachitika,
ndi mlombwa umodzi, wowongoka,
woti anthu awiri sangaufungatire.
Ndiulule: maso anga anauyeza.
Matabwa makumi anayi, ndinatero mumtima,
nyimbo ya maliro ili mkati.

Anthu akubalalika ndinawerama ngati ndikumanga nsapato.
Ndinatola njere yake,
ija yozungulira ngati kambale, yaminga pakati,
n'kuibisa m'thumba la jekete.
Za kumanda satola, ndikudziwa.

Ili pazenera mwezi wachisanu tsopano.
Mdzukulu wanga Tadeyo amaiseweretsa ngati chiwongolero cha lole
ndipo amafunsa kuti n'chiyani,
mwana wobadwira pa mtunda wa mlombwa.
Akuti mtengowu umadya moyo wonse wa munthu kuti ukule.
Sowo ali kudenga, mano achita dzimbiri.
Mvula yayamba kununkhira cha ku Ntchisi.

Maenje ndakumba ambiri,
akuya kupitirira msinkhu wanga,
ndinkatsiriza limodzi dzuwa lisanafike paliwombo.
Koma ili la chikhatho chimodzi
khasu likundilemera.