Mano a Tiburcio

Ku Moalboal, m'sitolo ya a Villaflor,
chopumira chatsopano chagona m'galasi
ngati mwana wa bwana.
Mtengo wake ukauwerenga bwino
ndi miyezi isanu ya ine kutsuka mbale ku Panagsama.
Mlonda mpaka wandidziwa dzina:
"Marivic, galasi lidzatha ndi maso akowo."

Zanga zili m'chitini cha mabisiketi,
mapeso zikwi khumi ndi zinayi,
ena onunkha nsomba, ena sopo.

Lachiwiri ndinapita kwa a Tiburcio,
amene khutu linawaphulika chaka chatha
dokotala n'kuwauza kuti nyanja aziionera pamtunda.
Anayala zonse pakhonde ngati kaunjika:
zipsepse ziwiri zosiyana mtundu,
suti ya mphira yothetheka m'mawondo,
jekete yodyedwa utoto ndi dzuwa,
ndi chopumira, chokhacho chokulungidwa m'thaulo.
Thaulolo linandichititsa manyazi kunenerera.
Ndinanenererabe.

Pamphira yoluma panali mano awo,
timaenje tiwiri kumanja,
kumanzere kamodzi, kozama.
"Kozamako n'ka tsiku lija ku Pescador,"
anatero, nkhani n'kuisiyira pomwepo
n'kuyamba kuwerenga ndalama.

Kunyumba amayi sanakweze n'komwe mutu pa mpunga:
"Siketi ya mwini ungavale, nsapato ya mwini ungavale,
koma mpweya wa mwini?
Pansi pa nyanja kulibe kobweza katundu."
Mlongo wanga Rodel, atagona chagada,
akuti zatsopano nazonso zimafa,
kusiyana kwake zimafa ndi lisiti.

Safunsa anadya phula.
Ndinakachitula kwa a Dodong okonza zida.
Anachimasula ngati nkhanu,
m'kati muli mchere ndi dzimbiri lobiriwira,
timphete ta mphira tikuyoyoka m'zala.
Paipi imodzi anaipinda pamaso panga
ming'alu n'kuyasama.
"Chitsulochi chidzakuika m'manda ndi ukalamba.
Paipiyi ikanakuika Loweruka."
Zikwi zitatu zinapita pamenepo.

Chatsopano ndinagula chimodzi:
galasi lakumaso,
poti nkhope ya a Tiburcio ndi yotakata
ndipo madzi sanyengeka.
Mphira yoluma yatsopano inali mapeso mazana awiri.
M'chitini munatsala makumi asanu ndi fungo la bisiketi.
Ndinaiviika yakaleyo m'madzi otentha, kawiri,
n'kuuza mtima kuti mphira ndi mphira.

Tsiku loyamba suti inkamwa madzi m'khosi
n'kuwatsitsira kumsana, ozizira ngati mawu a amayi.
Mamita khumi. Khumi ndi asanu.
Kasingano ka geji kali phee.
Kenako tinsomba ta sadini tinabwera,
osati gulu, koma mtambo wathunthu,
n'kutseka dzuwa pamwamba panga.
Kunada masanasana.
Kumwamba kunasowa, pansi kunasowa,
mtima n'kuyamba kugogoda kuti utuluke,
ndipo ndinaluma.

Dzino langa linagwera m'dzenje lozama lija
ngati phazi m'njira yopondedwa kale.
Wina anaopapo pano.
Anaopa, n'kukoka mpweya, n'kuutulutsa,
n'kubwerera kwawo kukadya madzulo.
Ndinakoka. Unabwera,
wouma, wokoma chitsulo, wokwanira.
Ndinatsatira thovu ndi maso
mpaka mtambo unang'ambika pakati.

Mwezi utatha ndinagula mphira yatsopano,
yosalala, yosadziwa kanthu.
Yakale ndinaibweza kwa mwini wake.
Anaitembenuza padzuwa, akusinzinira diso limodzi.
"Kadzenje aka sikanali chonchi."
"N'zoona," ndinatero.
Sanafunse kuti kunali kuti, nanenso za Pescador sindinafunse.
Anaiponya m'thumba la malaya,
n'kutembenuzira kwa ine khutu lamoyo lija:
"Nanga jekete, ikutayabe mpweya paphewa?"

Ikutayabe, pang'ono.
Chija cha m'galasi chidakalipo,
akweza mtengo sabata yatha.
Mlonda akuti wandisowa.