Womasulira pa Rotten Row

Lachiwiri, chipinda cha nambala sikisi.
Fani ya kudenga inafa chaka chatha.
Andiitanira a Chimbalanga a ku Mufakose:
Chingerezi cha m'khoti sichiwalowa m'khutu,
Chishona amadziwa cha pamsika chokha.

Mwana wawo Zakeyu waima m'bokosi,
nsapato zopanda zingwe, maso pansi.
Akuti kutali uko, kuseri kwa malire atatu,
anasiya chikwama pansi pa mpando wa basi.
Anthu khumi ndi mmodzi.
Wina anali ndi mwana kumbuyo.

Loya wa boma akuti: ndi wathu uyu,
mchombo wake unagwera kuno, amagona kuno,
lamulo lathu limamutsata ngati chithunzithunzi.
Loya winayo akukweza chitupa m'mwamba:
taonani chilembochi, munamulemba nokha kuti mlendo.
Kalata ya komwe kunaphulikako ikuti: tipatseni,
magazi anamwa ndi dothi lathu.
Kwawo kwa bambo ake sanayankhe.

Ndikumasulira zonse, liwu ndi liwu,
koma limodzi landikanika.
Ndayesa ulamuliro. Ndayesa mphamvu zoweruza.
Mkuluyo wangondiyang'ana.
Ndiye ndawanong'oneza:
akufunsa kuti mwanayu ndi wa yani.

Aseka, kuseka kouma.
"Zaka makumi anayi ndasesa misewu ya mzinda uno.
Kasanu ndi kawiri ndinapita naye ku Makombe
kukapempha pepala loti ndi wa kuno.
Ankati bwerani mawa.
Lero manja ake anunkha,
ndiye akumulimbirana ngati nyama ya pamaliro."

Zimenezo sindinamasulire.
Woweruza amalemba, sanafunse.

Andikoka jekete.
"Nanga abale a mayi wa mwana kumbuyo uja,
mlandu ukazengedwa kuno,
adzakwera chiyani kudzaumva?
Adzawamasulira ndani?"

Ndilibe buku la zimenezo.

Mlandu auimitsa mpaka pa fotini.
Zakeyu akutsika masitepe osacheuka,
unyolo ukulira pang'ono, ngati makiyi m'thumba.

Panja dzuwa laswa mtengo.
Mawindi akukuwa Mufakose, Mufakose, mmodzi watsala.
A Chimbalanga akuwerenga makobili m'chikhatho,
milomo ikuyenda.
Ndimayesa akuwerenga ya basi.
Afika pa khumi ndi chimodzi,
aima,
kenako awonjeza kamodzi, kakang'ono.