Masamu a Dokotala

Minibasi ya ku Matero sinaime.
Atate anagwa pa msewu wa Lumumba, maloko ogulitsa ali m'manja,
chiuno chinasweka ngati mbale yadothi.

Ku UTH dokotala akupinda zala:
zaka makumi asanu ndi atatu,
magazi otayikira m'kati, osadetsa bulangete,
shuga, mtima wotopa uja,
mapiritsi osungunula magazi
amene ndinkawakumbutsa ndine, m'mawa uliwonse.
Dzanja latha. Akuyamba lina:
"Akagonetsa, chibayo chimalowa osaodira."

Pakati pa usiku ndikuwapukuta msana.
Botolo likudontha, ndikuwerenga nalo.
Akutsegula diso limodzi:
"Tisauke, nsapato zanga unatola?"

Ndinatola, atate. Ndapaka kale polishi.

Funso limenelo
dokotala alibe chala cholipindira.