Zikwama Zogona

Ku Tallinn mu Januwale
dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.
Ine Triinu ndimalipidwa kuwerenga ndalama zopanda fungo,
zosalira m'thumba,
zolembedwa m'kaundula amene aliyense angatsegule
koma palibe angafufute:
buloko pamwamba pa buloko, unyolo wosadziwa dzimbiri.

Lolemba lililonse Raivo amaima pakhomo, chipale chofewa chili pamapewa,
ndi mafunso ake atatu.
Zilipo zingati? Zikuyenda zingati? N'za yani?

Loyamba ngakhale mwana angayankhe, makina sabisa.
Lachiwiri ndimaliyeza ngati woyeza doko ndi chingwe,
pakuti msika umaoneka wakuya ukauyang'ana pamwamba,
koma taponyamo zikwi ziwiri nthawi imodzi
umve momwe mwala uliri pafupi.
Lachitatu ndilo limandidyera tulo.
Adiresi si munthu.
Mmodzi amavala maadiresi mazana anayi ngati malaya,
pomwe adiresi imodzi yameza khamu lodzaza mzinda.
Ndimalondola chenji chobwerera kwa mwini,
ndimasunga maola amene chikwama chimadzuka,
n'kunena kuti uyu amagona dzuwa likamalowa ku Seoul,
uyu ndi mantha okhaokha, amagulitsa mphepo ikangotembenuka.
Akuluakulu timawatcha anamgumi.
Sitinawaonepo nkhope.
Timangoona madzi akutukumuka, tonse n'kugwira m'mphepete mwa bwato.

Pali mndandanda wina umene ndimausunga pansi pa lipoti:
zikwama zogona.
Zikapyola zaka zisanu ndi ziwiri osatembenuka
ndimazichotsa pa zamoyo.
Raivo amakonda mzere umenewo.
Amati zotayika zikachuluka, zotsala zimakwera mtengo.
Amanena akutafuna buledi wakuda, osayang'ana kwa ine.

Usiku wa Lachinayi, thiramu yomaliza itadutsa ku Kopli,
chimodzi chinadzuka.
Zaka khumi ndi chimodzi chili zii,
kenaka phethi! kutumiza kachidutswa,
kosakwana ngakhale kugulira nsapato za m'chisanu,
ngati munthu woponda madzi oundana ndi chala chimodzi
kuti amve ngati angamunyamule.
Ndinaimirira, khofi n'kutayikira pakiyibodi.
Ndani iwe?
Wotuluka m'ndende? Wamasiye wopeza kapepala m'buku la mapemphero?
Kapena wakuba waluso?
Unyolo unandiuza ola, mphindi ndi malipiro a ulendo.
Dzina unakana.

Ndinakonza nambala. Wakufa mmodzi wabwerera.

Kenaka ndinachita zimene ndimachita ndikatsala ndekha,
kulemba zilembo makumi atatu ndi zinayi zimene zala zanga zinaloweza.
M'nyanja yonseyi ya maadiresi
ndi chikwama chimodzi chokha chimene mwini wake ndimamudziwa.
Indrek, mlongo wanga,
wokonza mainjini a sitima ya ku Helsinki,
amene anagula kripito tonse tikumuseka,
nasunga mawu khumi ndi awiri a kiyi m'mutu mwake
chifukwa pepala, ankatero, limapsa.
Mutuwo tinauika pansi pa mitengo ya paini ku Rahumäe.
Mayi anang'amba matumba a majekete ake onse.
Tinapeza matikiti, sikulu ziwiri ndi switi.

Ndalamazo zilipo, ndikuziona apa,
zowala ngati nyali m'nyumba yokhoma
imene mawindo ake dziko lonse lingasuzumiremo.
Chaka chino zingagule nyumba ku Kalamaja.
Chaka chatha zikanagula theka.
Zimanenepa ndi kuwonda osasuntha,
ngati iye akupumabe.

Lolemba Raivo adzafunsa zatayika zingati.
Ndidzamupatsa nambala yoyera, yochotsapo chimodzi chodzuka chija.
Mkati mwake Indrek adzakhalamo,
kadontho kuseri kwa mpumiro,
akukweza mtengo wa anthu osamudziwa.

Panja galimoto yokokola chipale ikukanda msewu.
Buloko lina latsekedwa.
Ndayang'ananso.
Sichinatembenuke.