Mzere Wotsiriza pa Mwala wa a Calvering

Anandiitana Lachiwiri, mvula ikuwaza monyinyirika,
kuti ndikaseme dzina lachisanu ndi chinayi
pa mwala wa m'tchalitchi cha ku Oxenthwaite.
Malo otsala ndi a zala zinayi basi.
Amene anadula mwalawu kalelo
anayeza ngati ankadziwa.

Pamwamba pali Sir Ambrose, baroneti woyamba,
amene anagula ulemuwo ndi ndalama za ubweya wa nkhosa
mfumu itasowa cholipira asilikali.
Zilembo zake n'zakuya, nsonga ya chala imamira.
Pansi pake mwana, kenako mdzukulu,
kenako Sir Gervase, amene anadyetsa njuga minda itatu usiku umodzi
n'kulawirira m'mawa kukakalipira tenanti
chifukwa cha lendi yochedwa.
Wachisanu sanasiye mbewu.
Dzina linalumphira kwa msuweni wa ku Madras,
anabwera ndi malungo ndi chinkhwe,
chinkhwecho n'kudzaona maliro a mwini wake.

Wachisanu ndi chiwiri anasema ndi agogo anga.
Dzanja lawo ndimalidziwira pa chilembo cha R,
mwendo wake wotambalala ngati wa munthu wotsika phiri.
Wachisanu ndi chitatu anasema ndi bambo,
akutsokomola fumbi lomwe linadzawatenga.

Hugo ndi Piers sali pano.
Ali pa mwala wapanja, pakati pa ana a osula ndi a abusa,
motsata zilembo, opanda Sir.
Nkhondo sinafunse za kalata ya mfumu.
Anatsala mng'ono wawo Tristram, wachibwibwi uja,
amene sankaliyembekezera dzinalo,
analivala ngati jekete la womwalira,
manja ake obisika m'mikono.
Watisiya mu Febuluwale, m'nyumba ya zipinda makumi anayi
momwe ankakhalamo ziwiri,
zinazo atazisiyira zidebe zolandira madontho a denga.

Kalata ya mfumu imati: ana aamuna a m'chiuno mwake.
Maloya anasaka mpaka ku Tasmania.
Anapeza wina wogulitsa matayala a mathirakitala,
mphuno yake ya a Calvering yeniyeni,
koma agogo ake anafulumira kubadwa,
masabata asanu ndi awiri ukwati usanachitike.
Basi. Buku analitseka.

Ndipo uyu waima kumbuyo kwangayu,
jombo zake zikudetsa pansi pa tchalitchi,
ndi Rosalind, mwana yekhayo wa Sir Tristram.
Zaka makumi atatu akuutsa mipanda ya miyala ikagwa,
akugona m'khola nkhosa zikamaswa,
akukangana ndi a banki popanda kukweza mawu.
Munda uliwonse amaudziwa podikha madzi.
Pamwala pano alibe malo, ngakhale a chala chimodzi.

Ndinamufunsa zoti ndilembe.
Anati, dzina, zaka, ndi mawu oti wotsiriza.
Musakongoletse.
Ndinati ndimalipiritsa pa chilembo.
Anaseka, koyamba chiikireni maliro,
nati mwamwayi kulibenso wina wodzalipirira.
Anandithirira tiyi wa m'fulasiki, wozizira kale,
n'kutuluka osadikira kuona.

Ndasema masiku awiri.
Mwala wakale umauma mtima, umalavula tchizulo,
ndipo maso anga sali ngati kale.
Pofika pa kadontho kotsekera
ndinapereka nyundo kwa Bryony, mwana wanga,
amene wakhala akundinolera zitsulo kuyambira ali ndi zaka khumi.
Kwathu kulibe kalata ya mfumu.
Tchizulo imapita kwa amene dzanja lake silinjenjemera.

Anamenya katatu, n'kuuzira fumbi.

Panja mvula inali itakata.
Kutsidya kwa mtsinje Rosalind ankaimbira galu mluzu,
nkhosa zikutsika phiri mothithikana,
iliyonse ndi C wofiira pamsana,
osadziwa kuti dzinalo latha.