Dothi la ku Machinjiri

Bambo anga aumba njerwa zaka makumi atatu
kumunsi kwa Machinjiri, kumene dothi n'lofiira ngati chiwindi.
Chikombole chawo ndicho chinandilipirira sukulu,
njerwa ndi njerwa, mpaka ndinagwira choko.
Lero ndimaima pamaso pa ana makumi asanu ndi atatu ku Ndirande
nditanyamula chithunzi cha zigaza zisanu zondandalikidwa,
chipumi chikukwera pang'onopang'ono
ngati minibasi yodzaza pa chitunda.

Fatsani wa kumbuyo, amene salemba notsi, anakweza dzanja:
"Madamu, ndiye kuti agogo anu anali pusi?"
Kalasi inaphulika, madesiki anasanduka ng'oma.
Ndinati ayi, si agogo, ndi msuweni wakutali,
tinasiyana pa mphambano kalekale.
"Nanga a ku Michiru aja akudikira chiyani?
Dzana lomweli athyola chimanga cha azakhali anga."

Loweruka ndinawafotokozera bambo, ndimayesa aseka.
Sanaseke.
Anatola njerwa yaiwisi, naiika m'manja mwanga, yozizira, yolemera.
"Elufe, iyi yadziumba yokha?
Siya dothi pa mvula zaka chikwi,
ukabwere udzandionetse nyumba."
Yankho ndinali nalo, lalitali, la masamba khumi ndi awiri,
koma iwo anali atayamba kale kutsokomola
ndipo chifuwacho sichinandipatse mpata.

Tsopano tili ku Gulupu, mwezi wachitatu,
wodi ya amuna, mazenera otsegula usana ndi usiku.
Dokotala, kamnyamata kochepa kwa ine, anandiitanira pakhonde.
"Tizilombo tasintha, mayi.
Mankhwala oyamba aja anapha tofooka.
Totsala taberekana, ndipo ana ake sakuopanso."
Ndinamva phunziro langa la Lachiwiri
likutuluka m'kamwa mwa munthu wina, liwu ndi liwu,
ndipo kwa nthawi yoyamba
ndinalakalaka ndikanakhala wolakwa.

Umboni umene ndinkaukumba m'mabuku
uli m'mapapo mwa bambo anga, ukudya.

"Akuti chiyani?" anafunsa nditabwerera.
Ndinawauza zonse, osasenda makoko.
Anayang'ana kudenga nthawi yaitali
kumene nalimata anali atakakamira pafupi ndi babu.
"Ndiye tinthu timeneti timaphunzira?"
"Sitiphunzira, bambo. Timangofa, totsala n'kubereka."
Anatembenuza mutu pa pilo:
"Ukunena tizilombo, kapena ife?"
Anaseka mpaka namwino anabwera kudzandikalipira.

Atapeza mpweya anati,
"Chabwino. Zisinthe. Nanenso zikombole ndasintha zitatu.
Koma dothi loyambalo anaponda ndani?
Madzi anatunga ndani?"
Ndinati sindikudziwa.
M'kalasi mawu amenewa sindiwanena kawirikawiri.
"Ehe," iwo anatero, ngati munthu wogulitsa njerwa pa mtengo wake,
nagona.

Usiku uno awaika kapaipi m'mphuno.
Botolo likubwata pambali pa bedi,
mpweya ukuuziridwa m'thupi lofiira, lowuma, losweka m'mbali,
ndipo ine, mphunzitsi wa sayansi,
ndikudziwa dzina la mpweyawo ndi kulemera kwake,
komabe ndikuona chimene iwo akanaona.
Milomo yanga ikuyenda yokha.
Sindikuiletsa.

Pabondo panga pali mapepala a mayeso osachonga.
Funso lachinayi: fotokozani mmene zamoyo zimasinthira.
Fatsani walemba mizere iwiri yokha:
"Buku likuti zimasintha.
Amayi anga akuti ndisabwere nazo kunyumba."
Bolopeni yofiira yaima m'mwamba.

Kunja magetsi a Soche akwera phiri mpaka kukhudza nyenyezi,
sukudziwika pothera mudzi ndi poyambira thambo.
Ndagwira dzanja la bambo.
Miyezi itatu ya sopo wa chipatala
koma pansi pa zikhadabo
dothi likadalipo.